Chisomo, ganyu ndi ndime imodzi: mkangano wa chipulumutso ndi ntchito zabwino kuno ku Angonia

M'mwezi wa Julayi, nthawi imene kuzizira kwa kuno kumalowa m'mafupa, ndinagona pa siwa ya mayi wina wa m'mudzi wakwathu kufupi ndi Domwe. Mayiyo anali ataimitsidwa ku mgonero kwa zaka zingapo chifukwa chofulula mowa wogulitsa, umene ankapezera ndalama ya makope ndi sopo ya adzukulu anayi amene anatsala m'manja mwake, ndipo akuluakulu a mpingo wake anali atagamula kuti maliro ake sayendetsedwa ndi mpingo. Pamoto wa amuna panali bambo wina wachikulire wa mpingo wa Katolika, amene anakwatira m'banja la malemuwo, ndipo iye anayamba kuwerengera zimene mayiyo anachita: anaphikira odwala, anasunga ana osati ake, ndipo chaka cha njala nkhokwe yake inadyetsa mabanja atatu. Anatsiriza ndi Mateyu 25, pamene Ambuye alandira amene anadyetsa anjala ndi kuveka amaliseche. Mkulu wa mpingo wa malemuwo anatulutsa Buku Lopatulika lokutidwa ndi pepala la pulasitiki la shuga, naliyandikiza kumoto, nati: "Alamu, zimene mwanenazo ndi zoona, koma ntchito sizipulumutsa munthu. Aefeso 2 akunena poyera kuti chipulumutso ndi mphatso, sichichokera ku ntchito." Mnyamata wina amene ankasonkhezera moto anafunsa mwaulemu kuti: "Nanga abambo, ngati ntchito zawo zabwino sizingawalowetse, ntchito imodzi yoipayi ikuwatsekera bwanji panja?" Palibe amene anamuyankha, ndipo funsolo lakhala likundivutitsa kuyambira usiku umenewo.

Mkangano umenewu ndi wakale kwambiri kuposa mipingo yathu, ndipo unafika kuno uli wokhwima kale. Cha m'ma 1909 ansembe a chipani cha Jesuit anakhazikitsa mishoni ya Katolika ku Lifidzi, ndipo nthawi yomweyo amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa anatsegula mishoni yawo ku Mphatso. Boma la Apwitikizi linatseka ntchito ya Mphatso mu 1922, kotero kuti kwa zaka zambiri akhristu a kumeneko ankawoloka malire kukapemphera ku Nyasaland. Pambuyo pake nkhondo yapachiweniweni ya muno m'Mozambique inabalalitsa anthu athu kupita ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo atabwerera, mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, anabwera ndi mipingo ina yambiri, uliwonse ndi kalankhulidwe kake ka chipulumutso. N'chifukwa chake lero banja limodzi likhoza kukhala ndi agogo a ku mphakati, mayi wa chigwirizano ndi mwana wobadwa mwatsopano, onse akuwerenga Baibulo limodzi koma osamvana pa funso lalikulu koposa, lakuti munthu amalandiridwa bwanji ndi Mulungu.

Ndiyambe ndi mawu enieniwo, chifukwa chisokonezo chambiri chimabisala mmenemo. Amene anakulira pa Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, amati "chisomo". Akatolika, popemphera Tikuoneni Maria, amati "chaulere". Pa Chipwitikizi onse amati graça, ndipo munthu akakupatsa chinthu osakulipiritsa amati wakupatsa de graça. Ndimaona kuti n'chinthu choyenera kuchiganizira bwino kuti mpingo umene anthu ambiri amaunena kuti umaphunzitsa kugula kumwamba ndi ntchito ndi womwewo umene tsiku ndi tsiku umatchula mphatso ya Mulungu ndi mawu otanthauza chinthu chosalipira. Pali mawu enanso awiri ofunika kuwasiyanitsa. "Kuyesedwa wolungama" ndiko kulandiridwa pamaso pa Mulungu ngati munthu wopanda mlandu. "Kuyeretsedwa" ndiko kusinthika kwa mtima ndi khalidwe kumene kumachitika pang'onopang'ono m'moyo wonse. Mbali yaikulu ya mkangano wa zaka 500 zapitazi yagona pa funso lakuti zinthu ziwirizi ndi chimodzi kapena ndi ziwiri zoyendera limodzi.

Paulo, pofuna kufotokoza chisomo, anatenga chitsanzo chimene aliyense wa kuno amachidziwa ndi msana wake. Pa Aroma 4:4 akuti munthu wogwira ntchito malipiro ake sawerengedwa ngati mphatso, amakhala mangawa. Munthu amene wapalira ndime yake m'munda wa mbatatesi ku Tsangano sagwada pothokoza akamalandira ndalama yake madzulo, chifukwa mwini munda ndiye anali ndi ngongole, ndipo akachedwa kulipira waganyuyo ali ndi ufulu wokamusumira kwa mfumu. Paulo akukana kuti pakati pa munthu ndi Mulungu pakhale ubale wotere. Mulungu alibe ngongole ndi munthu aliyense, ndipo palibe amene adzaima pakhomo pake ndi kunena kuti ndatsiriza ndime yanga, ndipatseni changa.

Uthenga umenewu ndi wovuta kuulandira pakati pathu kuposa mmene timavomerezera. Makolo athu anati kupatsa n'kuika, kutanthauza kuti chimene wapereka lero chasungidwa kwa mnzako ndipo chidzabwerera tsiku la vuto lako. Amene wabwera ku dima lako amayembekeza kuti nawenso udzapita ku lake, ndipo amene sapita ku maliro a anzake amadziwa kuti tsiku lake adzukulu adzakumba monyinyirika. Mwambo umenewu ndi wabwino, ndipo ndi umene wasunga midzi yathu m'nthawi ya njala ndi ya nkhondo. Komabe umatiphunzitsa kukayikira chilichonse chaulere, ndipo mosazindikira timautenga n'kupita nawo kutchalitchi, kumene timayamba kuganiza kuti chopereka, kusala kudya ndi kusaphonya mapemphero ndi zinthu zimene tikuika kwa Mulungu kuti adzatibwezere. Pa mfundo imeneyi Paulo sanyengerera, ndipo palibe mpingo waukulu wa Chikhristu umene chiphunzitso chake cholembedwa chimamutsutsa.

Tiyeneranso kufunsa kuti Paulo ankanena ntchito ziti. M'kalata ya kwa Agalatiya ndi ya kwa Aroma mawu ake kawirikawiri ndi "ntchito za lamulo", ndipo nkhani imene inali patsogolo pake inali yooneka ndi maso. Akhristu ena Achiyuda ankaumiriza anthu a mitundu ina kuti adulidwe ndi kusunga malamulo a Mose a zakudya asanawerengedwe ngati a m'banja la Mulungu. Pa Agalatiya 2 Paulo akusimba mmene anadzudzulira Petro pamaso pa anthu ku Antiokeya, chifukwa Petro anali ataleka kudya pamodzi ndi akhristu osadulidwa, ndipo Machitidwe 15 akufotokoza za msonkhano wa ku Yerusalemu umene unakambirana nkhani yomweyi. Akatswiri ena a m'zaka zaposachedwapa, kuyambira E. P. Sanders mu 1977 ndipo kenako James Dunn ndi N. T. Wright, anatsindika kwambiri mbali imeneyi, akumati Paulo ankalimbana makamaka ndi mpanda wolekanitsa Ayuda ndi amitundu. Ena amawayankha kuti mawu a Paulo amapitirira mdulidwe n'kukhudza chilichonse chimene munthu angadzitamandire nacho. Ine ndimaona kuti onse awiri akugwira mbali ya choonadi, pakuti pa Aroma 4 Paulo akuchita zonse ziwiri: akukumbutsa kuti Abrahamu anayesedwa wolungama pa Genesis 15, mdulidwe usanabwere pa Genesis 17, ndipo akunenanso kuti Abrahamu analibe chodzitamandira nacho pamaso pa Mulungu.

Tsopano tifike kwa Yakobo, amene ambiri amamuika ngati mdani wa Paulo. Pa Yakobo 2:24 akunena kuti munthu amayesedwa wolungama ndi ntchito, osati ndi chikhulupiriro chokha, ndipo m'Chipangano Chatsopano chonse cha Chigiriki ndi pamalo pokhapa pamene mawu akuti "chikhulupiriro chokha" akupezeka motero. Munthu woona mtima sangalumphe ndime imeneyi. Koma werengani zimene zili pamwamba pake. Yakobo akujambula mbale kapena mlongo wausiwa ndi wanjala, ndi mkhristu amene akumuuza kuti apite mumtendere akafunde ndi kukhuta, osamupatsa kanthu. Akutinso ngakhale ziwanda zimakhulupirira kuti Mulungu ndi mmodzi, ndipo zimanjenjemera. Chikhulupiriro chimene Yakobo akuchikana ndi cha pakamwa, chongovomereza mfundo, pamene chimene Paulo akuchitamanda ndi kudziponya kwathunthu m'manja mwa Khristu. Ntchito zimene Yakobo akufuna ndi za chifundo, zotuluka mwa munthu wokhulupirira kale, pamene zimene Paulo akukana ndi zimene munthu amabwera nazo ngati malipiro olowera. Onse awiri akutchula Abrahamu, ndipo onse awiri akugwira mawu a Genesis 15:6, koma Yakobo akuloza ku Genesis 22, zaka zambiri pambuyo pake, pamene Abrahamu anakwera phiri ndi Isake, ndipo akuti pamenepo mawu a poyamba aja anakwaniritsidwa. Paulo akuyankha munthu amene akufunsa kuti ndilowa bwanji, Yakobo akudzudzula munthu amene akuti ndinalowa kale choncho ndikhoza kukhala manja lende.

Paulo mwiniwake sanasiye ntchito zabwino panja. Mkulu uja pamoto anawerenga Aefeso 2:8 ndi 9 n'kutseka buku, koma ndime ya 10 ikupitiriza kuti tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu anazikonzeratu. Pa Agalatiya 5:6 akuti chofunika ndi chikhulupiriro chogwira ntchito mwa chikondi, ndipo pa 2 Akorinto 5:10 akuti tonse tidzaonekera ku mpando woweruza wa Khristu kuti aliyense alandire monga mwa zimene anachita. Mawu a Yesu nawonso ali ndi mbali zonse ziwiri. Wamsonkho wa pa Luka 18 anapita kwawo woyesedwa wolungama atangodziguguda pachifuwa, pamene Mfarisi wosala kudya kawiri pa sabata ndi wopereka chakhumi anabwerera chimanjamanja. Wachifwamba wa pa Luka 23 analibe nthawi yochita ntchito ina iliyonse. Aganyu a pa Mateyu 20 amene analembedwa dzuwa litapendeka analandira mofanana ndi amene anapsa ndi dzuwa tsiku lonse. Koma Mateyu 25, amene bambo wachikulire uja anatchula, aliponso, ndipo pali kanthu kena mmenemo kamene anthu sakonda kukaona: olungamawo anadabwa, nafunsa kuti tinakuonani liti wanjala. Sankawerengera zimene ankachita, ndipo ndi chifukwa chake ntchito zawo sizinali ganyu.

Mbiri ya mkanganowu mu mpingo inayambira mu Africa muno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 400 mphunzitsi wina wochokera ku Britain, Pelagius, ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi mphamvu mwa iye yekha yosunga malamulo a Mulungu ngati atafunitsitsa. Augustine, episkopi wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, anamutsutsa kuti ngakhale kufuna kwabwinoko ndi mphatso ya Mulungu. Msonkhano wa ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius, ndipo wa ku Orange mu 529 unawonjezera kuti ngakhale chiyambi cha chikhulupiriro chimachokera ku chisomo. Izi zinachitika pafupifupi zaka 1,000 Martin Luther, kholo la Apulotesitanti, asanabadwe, ndipo Akatolika ndi Apulotesitanti onse amamutenga Augustine ngati kholo lawo.

Chimene chinautsa moto mu 1517 chinali malonda. Mlaliki wina, Johann Tetzel, ankayenda m'madera a Germany ndi makalata ochepetsa chilango cha machimo, amene anthu ankalandira akapereka ndalama, ndipo mbali ya ndalamayo inkapita kukamangira tchalitchi cha Petro Woyera ku Rome. Martin Luther, amene anali wansembe ndi mphunzitsi wa Baibulo ku Wittenberg, analemba mfundo 95 zotsutsa mchitidwewo, ndipo m'zaka zotsatira nkhaniyo inakula n'kufika pa muzu weniweni. Luther anali atavutika kwa nthawi yaitali ndi mantha akuti kulapa kwake ndi kusala kwake sikukwanira, ndipo anapeza mpumulo pa Aroma 1:17, atamvetsa kuti chilungamo cha Mulungu chotchulidwa pamenepo ndi chimene Mulungu amapereka kwa wokhulupirira. Pomasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani mu 1522 anaika mawu akuti "chokha" pa Aroma 3:28, ngakhale m'Chigiriki mulibe, ndipo anadziteteza kuti tanthauzo la ndimeyo ndi kayankhulidwe ka Chijeremani zinkafuna choncho. M'mawu oyamba a buku lomwelo anatchula kalata ya Yakobo kuti ndi ya udzu wouma poiyerekeza ndi mabuku ena, ngakhale sanaichotse m'Baibulo. Ndimalemekeza kulimba mtima kwa Luther, koma pa Yakobo ndikuona kuti analakwitsa, ndipo kulakwitsako kukutiphunzitsa kuti ngakhale munthu wamkulu akhoza kupeputsa ndime imene ikusokoneza mfundo yake.

Mpingo wa Katolika unayankha pa msonkhano wa ku Trent, umene unachitika kuyambira 1545 mpaka 1563. Chikalata chake chokhudza kuyesedwa wolungama chinatuluka mu Januwale 1547, ndipo anthu ambiri amene amachinyoza kapena kuchiteteza sanachiwerengepo. Chigamulo chake choyamba chikutsutsa aliyense wonena kuti munthu angalungamitsidwe ndi ntchito zake popanda chisomo cha Mulungu mwa Yesu Khristu. Chikalatacho chikunenanso kuti palibe chimene chimatsogola, kaya chikhulupiriro kaya ntchito, chimene chingagule chisomo chimenecho. Chimene Trent anakana ndi mawu akuti "chikhulupiriro chokha" ngati akutanthauza kuti munthu sayenera kuvomera ndi kugwirizana ndi chisomo chimene chikugwira ntchito mwa iye.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni, ndipo sikuyenera kubisidwa pofuna kukondweretsana. Kwa Luther ndi John Calvin, kholo la mipingo ya Reformed, kuyesedwa wolungama kuli ngati chigamulo cha pabwalo la milandu: mlandu unalipo ndithu, koma wina walipira, ndipo mfumu yalengeza kuti munthuyu apite alibe mlandu. Chilungamo chimene Mulungu akuona ndi cha Khristu, chowerengeredwa kwa wochimwayo, ndipo n'chokwanira kuyambira tsiku loyamba. Kusinthika kwa khalidwe kumatsatira ndithu, koma sikukhala maziko a chigamulocho. Kwa Akatolika, kulungamitsidwa kuli ngati kuchiritsidwa kwa wodwala: Mulungu akanena kuti munthu ndi wolungama amamupangadi kukhala wolungama, pothira chikondi chake mumtima mwake kuyambira pa ubatizo, ndipo moyo watsopanowo ukhoza kukula, ukhozanso kutayika ndi tchimo lalikulu n'kubwezeretsedwa mu sakramenti la kulapa. Kuchokera pamenepa pamatuluka kusiyana kwina. Wa Reformed amaphunzitsidwa kuti akhoza kukhala wotsimikiza za chipulumutso chake chifukwa chagona pa Khristu, pamene Trent anachenjeza kuti munthu, poyang'ana kufooka kwake, sangakhale ndi chitsimikizo chosalakwika, ngakhale sayenera kukayikira chifundo cha Mulungu. Akatolika amalankhula za mphotho ya ntchito zabwino, akumatsata Augustine ponena kuti Mulungu akamapereka mphothoyo amakhala akuveka chisoti mphatso zake zomwe, pamene Apulotesitanti amaopa kuti mawu amenewo, akafika kwa munthu wamba, amasanduka malipiro a ganyu. Mbali iliyonse ikuteteza chinthu chamtengo wapatali: ina ikuteteza mtendere wa chikumbumtima chovutika, inayo ikuteteza mfundo yakuti chisomo chimasinthadi munthu.

Apulotesitanti akale sanali opeputsa ntchito zabwino monga ena amaganizira. Calvin, poyankha Trent m'chaka chomwecho cha 1547, ananena kuti chikhulupiriro chokha ndicho chimalungamitsa, koma chikhulupiriro cholungamitsacho sichikhala chokha. Katekisima wa Heidelberg wa 1563, amene mipingo ya Reformed imagwiritsa ntchito mpaka lero, anagawidwa patatu, za tsoka la munthu, za chiombolo ndi za chiyamiko, ndipo Malamulo Khumi anaikidwa m'gawo lachitatulo. Funso 64 likufunsa mosabisa ngati chiphunzitso cha chisomo sichipangitsa anthu kukhala osasamala, ndipo yankho lake n'lakuti n'kosatheka kuti olumikizidwa kwa Khristu asabale zipatso za chiyamiko. Pakati pa Apulotesitanti okhaokha panabukanso mkangano wina, wakuti munthu angakane kapena kutaya chisomo. Sinodi ya ku Dort mu 1618 ndi 1619 inakana maganizo a otsatira a Jacobus Arminius, amene ankati munthu akhoza kutero, koma maganizowo anapitirira kudzera mwa John Wesley, kholo la Amethodisti, ndipo mipingo yambiri ya Pentekosite imene ili pakati pathu imayandikira mbali imeneyo.

Pa 31 Okutobala 1999, mumzinda wa Augsburg, Mpingo wa Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran padziko lonse anasaina chikalata chogwirizana, chovomereza pamodzi kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, m'chikhulupiriro cha ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndiponso kuti Mzimu Woyera amakonzanso mitima yathu natiitanira ku ntchito zabwino. Amethodisti anavomereza chikalatacho mu 2006, ndipo bungwe la World Communion of Reformed Churches linachita chimodzimodzi ku Wittenberg mu 2017. Mipingo ina ya Lutheran ndi ya Reformed inakana, ikumati mawu afewetsedwa koma kusiyana kudakalipo, ndipo chikalatacho sichinanene kuti nkhani zonse zatha. Komabe zimandipweteka kuti m'midzi mwathu tikupitiriza kutukwanizana ndi mawu a m'zaka za m'ma 1500, osadziwa kuti atsogoleri a mbali zonse anakhala pansi n'kuvomerezana pa muzu wa nkhaniyi.

Pansi pa mkangano wonsewu pali funso la kamasuliridwe ka Malemba. Akatolika amaphunzitsa kuti Malemba amawerengedwa pamodzi ndi zimene mpingo unalandira kwa atumwi, ndipo udindo wogamula tanthauzo lenileni uli ndi maepiskopi pamodzi ndi Papa, monga Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unafotokozera mu 1965. Apulotesitanti amati Malemba ndiwo muyeso womaliza umene ngakhale misonkhano ya mpingo iyenera kuyesedwa nawo, ndipo ndime zovuta zimaunikiridwa ndi zomveka bwino. Palibe mbali imene inaphunzitsa kuti munthu aliyense atole ndime imodzi n'kumangapo mpingo wake. Mdindo wa ku Itiyopiya pa Machitidwe 8 anavomera kuti sangamvetse popanda womutsogolera, ndipo 2 Petro 3:16 akunena kuti m'makalata a Paulo muli zina zovuta kuzimvetsa, zimene osaphunzira amazipotoza.

M'chinenero chathu mawu akuti ndime amatanthauza kachigawo ka m'buku komanso kachigawo ka munda kamene munthu wapatsidwa kuti alime. Munthu amene wangoona ndime imodzi sangauze anthu mmene munda wonse wabalira. Paulo sanalembe ndime zokhala ndi manambala. Analemba makalata oti awerengedwe mokweza kuchokera poyamba mpaka pomaliza, mpingo wonse uli pamodzi. Machaputala amene tili nawo anakonzedwa m'zaka za m'ma 1200, ndipo anthu amati ndi ntchito ya Stephen Langton, pamene manambala a ndime za Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Manambalawa amatithandiza kupeza malo msanga, koma atizoloweretsanso kudula mawu pakati, monga zinachitikira pamoto paja pamene ndime ya 10 inatsala m'buku lotsekedwa. Wowerenga wosamala amafunsa kuti akulankhula ndani, akulankhula kwa yani, pavuta chiyani, ndipo mawu awa wolembayu amawagwiritsa ntchito motani m'malo ena. Ife a kuno tili ndi mwayi umene sitiugwiritsa ntchito mokwanira, pakuti m'nyumba zambiri muli Buku Lopatulika, Buku Loyera la 1998 kapena Baibulo la Chipwitikizi, ndipo kuika awiri pambali n'kuwerenga chaputala chonse kumaonetsa msanga pamene mfundo yagona pa mawu a womasulira okha.

Kwa ine ngozi yaikulu ya masiku ano siili m'mabuku a Trent kapena a Heidelberg. Ili m'misonkhano imene munthu wodwala amauzidwa kuti afese mbewu ya ndalama kuti achire, ndipo akapanda kuchira amauzidwa kuti mbewu yake inachepa. Ilinso m'kaundula wa zopereka amene amatsegulidwa tsiku la maliro, banja lili m'misozi, kuti aone ngati malemu anali wokwanira. Mlaliki akhoza kufuula "chisomo" kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma ngati madalitso ali ndi mtengo wake, wabwerera kwa Tetzel. Pa Machitidwe 8:20 Petro anadzudzula Simoni mwaukali chifukwa choganiza kuti mphatso ya Mulungu ingagulidwe ndi ndalama, ndipo pa ichi Luther ndi maepiskopi a ku Trent, amene anathetsa udindo wa otolera ndalama za makalata aja, akanagwirizana. Ngozi ina ili mbali inayo, mwa munthu amene amati anapulumutsidwa tsiku lakutilakuti, pamene akubera aganyu ake ndi kulanda munda wa mkazi wamasiye. Kalata ya Yakobo inalembedwera munthu wotere, ndipo pa chaputala 5 ikunena kuti malipiro a okolola amene anabisidwa akufuula.

Nanga funso la mnyamata uja? Mpingo uli ndi udindo wolangiza anthu ake, ndipo Mateyu 18 ndi 1 Akorinto 5 akuonetsa kuti udindowo ndi weniweni. Mkulu uja akanatha kuyankha kuti mpingo suona mtima, umangoona zipatso, ndipo kuimitsa munthu ku mgonero ndi njira yomuitanira kuti abwerere. Yankho limeneli ndi lomveka pamene munthu ali moyo. Koma chilango chimene cholinga chake ndi kubweza munthu sichingabwezenso amene wagona m'bokosi, ndipo chimene chimatsala ndi uthenga kwa amoyo, amene ambiri a iwo amamva kuti mpingo walengeza kumene malemu wapita. Chiphunzitso cha mkuluyo sichimupatsa mphamvu imeneyo. Ngati chipulumutso chagona pa Khristu, kaundula wa mpingo sangachitsimikize kapena kuchifafaniza, ndipo ngati zipatso ndi umboni wa chikhulupiriro, ndiye kuti nkhokwe imene inadyetsa mabanja atatu iyeneranso kuwerengedwa ngati umboni pamodzi ndi mbiya ya mowa. Bambo wachikulire uja nayenso akanayenera kukumbukira kuti mpingo wake suphunzitsa kuti nsima yophikira odwala imagula kumwamba, koma kuti chifundo chotero ndi chizindikiro cha chaulere chimene chinali kugwira ntchito mwa mayiyo.

Kutacha, maliro ananyamuka popanda mlaliki ndi popanda yunifolomu ya amayi, monga kunagamulidwira. Tili pakati pa njira ya kumanda, mayi wina wokalamba anayambitsa nyimbo ya mpingo ndi mawu otsika, amayi a mipingo yosiyanasiyana anailandira, ndipo palibe amene anawaletsa. Mkulu uja ankayenda pambuyo pa bokosi, buku lake lili kukhwapa, ndipo pa vesi yachiwiri ndinamumva nayenso akuyimba.